Momwe bizinesi ya masitolo ingakhalire pansi ndi anthu amene imawakhudza

Bizinesi yogulitsa katundu m'masitolo imakhudza anthu ambiri kuposa amene eni ake amawaona tsiku ndi tsiku. Kutsogolo kwa kauntala kuli makasitomala, kuseri kwake kuli ogwira ntchito, kukhomo lakumbuyo kumafika masapulaya, ndipo kumbuyo kwa masapulayawo kuli mafakitale, minda ndi madalaivala amene mwini sitolo sanakumanepo nawo. Kulinso anthu okhala pafupi ndi sitolo, eni masheya, mabanki, boma ndi mabungwe omwe si aboma. Udindo wa kampani pa anthu ndi chilengedwe umayambira pa kuwamva anthu amenewa. Kupereka mphatso ku sukulu kamodzi pachaka n'kujambulitsa si koipa, koma ndi nkhani ina.

Malangizo ali m'munsiwa ndi a munthu amene wapatsidwa ntchito yoyendetsa zokambiranazi, kaya kampani ili ndi sitolo imodzi kapena mazana. Muyeso wodziwira ngati ntchitoyo yaphula kanthu ndi umodzi: kodi pali chimene chasintha pa kagulidwe, kalipiridwe kapena kagwiridwe ka ntchito chifukwa cha zimene anthu ananena, ndipo anthuwo anauzidwa? Ngati palibe, misonkhano yonseyo inali yachiphamaso.

1. Lembani anthu enieni, osati mayina a magulu okha

Kulemba kuti "ogwira ntchito, makasitomala, masapulaya" kumatenga mphindi imodzi ndipo sikuthandiza. Tengani katundu amene amatuluka kwambiri m'masitolo anu, mitundu khumi kapena makumi awiri, ndipo mtundu uliwonse muulondole chobwerera: unachokera ku weyahausi iti, anaunyamula ndani, anaupakira kuti, anaupanga kuti, zipangizo zake zinalimidwa kapena kukumbidwa kuti. Penapake mudzaima chifukwa palibe amene akudziwa. Lembani malo amenewo ndi inki yofiira, chifukwa mavuto aakulu amakonda kubisala pomwepo.

Pa 24 April 2013 nyumba ya Rana Plaza ku Savar, pafupi ndi Dhaka ku Bangladesh, inagwa ndipo anthu 1,134 anafa, ambiri mwa iwo osoka zovala zogulitsidwa m'masitolo a ku Ulaya ndi ku America. Anthu anachita kufukula timapepala ta mayina a makampani m'zigumukire kuti adziwe amene ankagula zovala kumeneko. Chowawa kwambiri n'chakuti ming'alu inaoneka dzulo lake. Masitolo ndi banki za pansi pa nyumbayo zinatsekedwa, koma osoka zovala analamulidwa kubwerera pa ntchito. Iwo ankaona ngoziyo ndi maso awo, kungoti panalibe njira yoti mawu awo afike kwa ogula zovalazo.

M'kati mwa sitolo momwemo mulinso anthu amene amaiwalika pa mndandanda: alonda, oyeretsa, otsitsa katundu ndi aganyu a nyengo ya malonda ambiri. Ambiri amalembedwa ndi kampani ina, motero m'mabuku anu a malipiro mulibe mayina awo. Komatu amagwira ntchito pansi pa denga lanu, pa maola amene inu munaika. Alembeni.

2. Sanjani potengera kupwetekeka, osati kukula kwa mawu

Simungathe kukumana ndi onse mofanana, choncho muyenera kusankha. Makampani ambiri amayamba ndi amene angawavutitse: mwini masheya wamkulu, nyuzipepala, kasitomala wa anthu ambiri pa Facebook. Amenewo adzakupezani okha ngakhale musawafune. Amene muyenera kuwalondola ndi amene zochita zanu zingawapweteke kwambiri koma alibe pokambira.

Mfundo za bungwe la United Nations zokhudza mabizinesi ndi ufulu wa anthu, zimene zinavomerezedwa mu 2011 pambuyo pa ntchito imene anatsogolera John Ruggie, zimapereka mafunso atatu oyezera kukula kwa vuto: kodi kupweteka kwake n'kwakukulu bwanji, kukhudza anthu angati, ndipo kungakonzeke kapena ayi. Kasitomala amene wagula ketulo yosagwira ntchito mungamubwezere ndalama. Wogwira ntchito amene wathyoka msana ndi katundu wolemera simungamubwezere msana. Mwana amene wasiya sukulu kuti azikolola mbewu imene mumagulitsa simungamubwezere zaka zake. Sanjani mndandanda wanu motero.

3. Gwirizanani ndi akuluakulu a kampani musanaitane aliyense

Apa ndi pamene ntchito zambiri zamtunduwu zimafera zisanayambe. Munthu amatumidwa kukamva maganizo a anthu koma alibe mphamvu yosintha ngakhale tsiku lolipira sapulaya mmodzi. Pitani kwa bodi kapena kwa mwini bizinesi, mumve poyera zinthu zitatu: nkhani ziti ali okonzeka kusintha, ziti sangasinthe chaka chino, ndiponso ndani pakati pa akuluakuluwo amene adzayankha zimene zidzatuluke. Dzina la munthu ameneyo lilembedwe.

Musafunse anthu maganizo pa chinthu chimene chatsimikizidwa kale. Ngati sitolo itsekedwa ndithu, nenani kuti itsekedwa, ndipo mukambirane za zimene zikanali zotseguka, monga nthawi yake, kusamutsira anthu ku masitolo ena ndi malipiro otsanzikira. Anthu amakhululukira uthenga wowawa msanga kusiyana ndi kupusitsidwa.

Posankha nkhani, muyezo wa ISO 26000, umene unatuluka mu 2010, ungakuthandizeni kuti musaiwale mbali ina. Uli ndi mitu 7: kayendetsedwe ka bungwe, ufulu wa anthu, kasamalidwe ka ogwira ntchito, chilengedwe, chilungamo pochita malonda, nkhani za ogula, ndi kutenga mbali pa chitukuko cha dera. Sumapereka satifiketi, ndi malangizo chabe, ndiye wina akakuuzani kuti akugulitsani satifiketi yake mumukayikire. Pa mitu imeneyi sankhani nkhani zochepa, zisanu kapena zisanu ndi imodzi, zimene zikukhudzadi bizinesi yanu. Wogulitsa zovala ndi wogulitsa zakudya sangakhale ndi mndandanda wofanana.

4. Gulu lililonse lili ndi khomo lake

*Ogwira ntchito.* Lamulo loyamba: bwana wawo asakhalepo. Kashiya sanganene kuti amaumirizidwa kulipira ndalama zosowa mu tilo pamene amene amamudulayo wakhala pampando wakutsogolo akulemba. Lachiwiri: msonkhano uchitike pa nthawi ya ntchito yolipidwa, ndipo ufike mashifiti onse, kuphatikizapo ausiku amene amadzaza mashelefu sitolo itatsekedwa. Khalani ndi magulu ang'onoang'ono, ndipo pa nkhani za nkhanza zokhudza kugonana amayi akhale paokha ndi wowatsogolera wamkazi. Ngati pali bungwe la ogwira ntchito, yambirani kumeneko. Kukhazikitsa komiti yanuyanu kuti mulambalale bungwelo ndi njira yachidule yoyambitsira mkangano, ndipo ufulu wolowa m'bungwe ndi kukambirana malipiro pamodzi ndi wotetezedwa m'mapangano a nambala 87 ndi 98 a ILO, bungwe la United Nations loona za ntchito.

Funsani zinthu zogwirika. "Kodi ndinu osangalala?" ndi funso lopanda pogwira. Funsani kuti ndandanda ya mashifiti amaidziwa kutatsala masiku angati, ovataimu ya mwezi watha inalipidwa yonse kapena ayi, amaima maola angati asanapume, ndipo kasitomala akawatukwana kapena kuwaopseza amathamangira kwa ndani. Mayankho a mafunso otere mungawawerenge, ndipo chaka chamawa mungaone ngati asintha.

*Masapulaya.* Apa ndi pofunika kuchedwapo, chifukwa ubale wake ndi wa wamkulu ndi wamng'ono ngakhale onse avale masuti. Sapulaya amene theka la malonda ake limadalira inu sadzakuuzani zoona pamaso pa amene amamupatsa maoda. Adzamwetulira, adzayamikira, kenako adzapita kukadula malipiro a antchito ake kuti akwanitse mtengo umene mwamufinya nawo. Choncho mafunso asafunsidwe ndi a dipatimenti yogula katundu. Gwiritsani ntchito kafukufuku wosalemba mayina, woyendetsedwa ndi munthu wapadera, ndipo mufunse za khalidwe lanu, osati lawo lokha: kodi timalipira pa tsiku limene tinagwirizana, timasintha oda kangati katundu atayamba kale kupangidwa, timadula ndalama pa invoisi popanda kukambirana, nthawi imene timapereka yobweretsera katundu ndi yotheka popanda anthu kugona pa ntchito.

Ku Britain nkhani imeneyi inafika poti boma linakhazikitsa ofesi ya Groceries Code Adjudicator mu 2013 kuti iziyang'anira momwe masitolo akuluakulu a zakudya amachitira ndi masapulaya awo. Mu January 2016 ofesiyo inapeza kuti Tesco, kampani yaikulu ya masitolo kumeneko, inkachedwetsa ndalama za masapulaya mosemphana ndi malamulo a malondawo. Ofesi yomweyo imachititsa kafukufuku chaka ndi chaka pomwe masapulaya amanena mosaopa za khalidwe la masitolo. Palibe chokuletsani kuchita zofananazo pa bizinesi yanu lamulo lisanakukakamizeni.

Masapulaya ang'onoang'ono, monga alimi ndi timakampani ta anthu ochepa, muwafunse paokha. Kuchedwa kulipira kwa mwezi umodzi kumene kampani yaikulu sikumva n'komwe, kwa iwo kungakhale kutseka bizinesi.

*Makasitomala.* Zimene amanena pa kafukufuku ndi zimene amaika m'basiketi nthawi zambiri zimasiyana. Pafupifupi aliyense adzati amakonda katundu wosaononga chilengedwe, koma pa shelefu dzanja limapita ku mtengo wotsika. Musawaweruze, ingoikani zonse ziwiri pamodzi: mawu awo, ndi mabuku anu a madandaulo, katundu wobwezedwa ndi malonda. Ndipo muitane mwadala amene sitolo imawavuta kulowamo: oyenda pa njinga ya olumala, osaona bwino, okalamba, makolo okankha ana. Yendani nawo kuyambira pa khomo mpaka pa tilo. Ulendo umodzi wotere umaonetsa masitepe, mipata yopapatiza ndi mitengo yolembedwa ting'onoting'ono zimene inu munazolowera kuzidutsa.

*Oyandikana nawo.* Nkhani zawo n'zodziwika: malole obwera usiku, phokoso la jenereta ndi mafiriji, zinyalala, madzi oipa, magalimoto otseka njira, komanso ngati ntchito zimapita kwa anthu a m'deralo. Pitani kumene iwo amasonkhana, pa nthawi imene iwo angathe. Musamve mtsogoleri mmodzi n'kuyesa mwamva dera lonse.

*Mabungwe omwe si aboma.* Amene amakudzudzulani ndi amene ali ndi phindu lalikulu kwa inu, chifukwa nthawi zambiri amafika ku mafakitale ndi minda kumene inu simufika, ndipo antchito amawakhulupirira. Musayembekezere kuti akakhala nanu pa tebulo asiya kukudzudzulani, ndipo musawapatse ndalama ndi cholinga choti atseke pakamwa. Ena ndi ogwira nawo ntchito mwachindunji. Ku France, lamulo la 2016 linaletsa masitolo akuluakulu kuononga dala chakudya chosagulidwa chomwe chikadali chabwino, ndipo masitolo oposa masikweya mita 400 anayenera kupangana ndi mabungwe othandiza anthu kuti azichitenga. Mgwirizano wotere umayenda pokhapokha mutamva kwa bungwelo kuti lili ndi galimoto kapena firiji, ndiponso limatha kubwera nthawi yanji.

*Eni masheya, mabanki ndi boma.* Awa ali ndi njira zawo kale: msonkhano wapachaka, malipoti, oyendera malo. Chofunika n'chakuti zimene mumawauza zifanane ndi zimene mumauza ena onse.

5. Musasokoneze kuyendera ndi kukambirana

Makampani ambiri amatumiza oyendera ku mafakitale a masapulaya, kulandira lipoti, n'kumati tamva za antchito. Ayi. Woyendera amabwera tsiku limodzi kapena awiri, kawirikawiri fakitale ikudziwa, makomo otulukira atatsegulidwa, antchito atauzidwa zoyankha. Mu September 2012 moto unapha anthu oposa 250 pa fakitale ya zovala ya Ali Enterprises ku Karachi, ku Pakistan, patangopita milungu yochepa fakitaleyo italandira satifiketi ya SA8000 yosonyeza kuti imasamala antchito.

Kuyendera kuli ndi ntchito yake, makamaka pa zinthu zoyezeka monga mawaya a magetsi ndi kulimba kwa nyumba. Koma onani chimene chinasiyanitsa pangano la Accord, loteteza antchito a m'mafakitale a zovala ku Bangladesh ku moto ndi kugwa kwa nyumba, limene makampani oposa 200 anasaina ndi mabungwe a ogwira ntchito pambuyo pa ngozi ya Rana Plaza: linali lomanga mwalamulo, malipoti a oyendera ankaikidwa poyera, antchito anali ndi njira yodandaulira, ndipo anali ndi ufulu wokana kugwira ntchito pamalo oopsa. Antchitowo anali mbali ya panganolo, osati anthu ongoyenderedwa.

6. Tsegulani njira ya madandaulo yosadikira msonkhano

Vuto silidikira kuti mwezi wa zokambirana ufike. Pakhale nambala ya foni, uthenga wa pa WhatsApp kapena munthu wodziwika amene aliyense, kuphatikizapo wantchito wa sapulaya, angamufikire m'chilankhulo chake, kwaulere, osadzera kwa bwana wake. Lengezani kuti yankho loyamba limabwera pasanathe masiku angati, ndani amafufuza, ndipo wosakhutira apite kuti. Wodandaula atetezedwe. Munthu mmodzi akangochotsedwa ntchito atadandaula, mbiri imafalikira ndipo foniyo sidzaliranso.

Bokosi la madandaulo lopachikidwa pakhomo pa ofesi ya manijala, pansi pa kamera, ndi lokongoletsa khoma basi. Ndipo mukaona kuti chaka chatha popanda dandaulo ngakhale limodzi, musakondwere. Kampani ya anthu mazana singakhale yopanda wodandaula. Chimene chikusowa ndi chikhulupiriro.

7. Lembani, sankhani, sinthani

Chilichonse chimene chanenedwa chilowe m'kaundula mmodzi: nkhani yake, gulu limene lainena, tsiku, amene ayankhe, ndi tsiku loyankhira. Mayina a anthu asungidwe padera.

Kenako pamabwera gawo lovuta, chifukwa zofuna za magulu zimawombana. Makasitomala akufuna sitolo izitsegula mpaka usiku, ogwira ntchito akufunsa kuti abwerera bwanji kunyumba, oyandikana nawo akufuna kugona. Eni masheya akufuna phindu likwere, sapulaya akufuna mtengo woti alipire antchito ake bwino. Palibe njira yokondweretsa onse. Bwererani ku muyeso wa gawo lachiwiri: chimene chingapweteke munthu mosabwezeka chimayamba, zina zimakambidwa.

Pomaliza pake kusintha kwenikweni kumakathera mu dipatimenti yogula katundu ndi ya zachuma, osati ya zofalitsa nkhani. Ngati bonasi ya wogula katundu imadalira kutsitsa mtengo ndi kufulumizitsa katundu basi, iye adzachita zomwezo, ngakhale kampani isindikize malamulo okoma chotani okhudza masapulaya. Onjezani pa muyeso wa ntchito yake kulipira pa nthawi, kusasintha maoda mochedwa, ndi zimene masapulaya anena za iye. Chimodzimodzi manijala wa sitolo: ngati amayezedwa ndi kuchepa kwa ndalama za malipiro zokha, musadabwe ovataimu ikamasowa m'mabuku. Nkhani ya utsi woononga nyengo nayonso imathera komweko, popeza kwa ogulitsa ambiri gawo lalikulu la utsiwo limachokera kopangira ndi konyamulira katundu komanso kwa ogula pomugwiritsa ntchito, osati ku magetsi a m'sitolo. Simungauchepetse popanda masapulaya, ndipo iwo sangagule makina atsopano ngati sakudziwa kuti chaka chamawa mudzawagulabe.

Mukapeza vuto kwa sapulaya, musathamangire kuthetsa mgwirizano. Kuchoka kumayeretsa dzina lanu koma antchito aja amatsala pomwepo, mwinanso opanda ntchito. Ikani ndondomeko yokonzera, masiku ake, ndi gawo la ndalama limene inu mudzaikepo. Kuchoka kukhale kwa amene wakana kusintha.

8. Bwererani kwa amene munawafunsa

Gawo limeneli ndi lotsika mtengo kuposa onse, komanso ndi limene limadumphidwa kwambiri. Pasanathe miyezi iwiri kapena itatu, gulu lililonse limve zinthu zitatu: zimene munanena ndi izi, zimene tichite ndi izi pofika tsiku lakuti, zimene sitichita ndi izi pa chifukwa chakuti. Chachitatucho musachibise. Kwa ogwira ntchito likhale pepala limodzi pa bolodi la m'chipinda chopumira ndi mphindi zochepa shifiti isanayambe. Kwa masapulaya ikhale kalata yosainidwa ndi mkulu uja analembedwa dzina pa gawo lachitatu.

Lipoti la anthu onse limabwera pambuyo pake. Miyezo yolembera malipoti otere ya GRI (Global Reporting Initiative), bungwe limene linayamba mu 1997, ndi imene makampani ambiri amatsatira, ndipo imafuna kuti mufotokoze amene munakambirana nawo ndi momwe munasankhira nkhani zanu. M'mayiko ena kulemba n'kokakamiza: lamulo la Britain la 2015 lolimbana ndi ukapolo wamakono limafuna kuti kampani ya malonda a mapaundi 36 miliyoni kapena kuposa pachaka izifotokoza chaka chilichonse zimene ikuchita pa nkhaniyi mu bizinesi yake ndi kwa masapulaya ake. Onani malamulo a dziko lililonse limene mumagulitsako kapena kugulako.

Lonjezo lililonse likhale ndi nambala, poyambira ndi tsiku. Pamene Marks & Spencer, kampani ya masitolo ya ku Britain, inayambitsa ndondomeko yake yosamalira anthu ndi chilengedwe yotchedwa Plan A mu 2007, inalemba malonjezo 100 oti akwaniritsidwe m'zaka zisanu, ndipo aliyense ankatha kuwerenga kuti ati atheka, ati atsalira. Inu simukusowa 100. Asanu olembedwa motere, "pofika December chaka chamawa masapulaya ang'onoang'ono onse azilipidwa pasanathe masiku 30, pamene lero olipidwa motero ndi theka", aposa masamba makumi a zithunzi za anthu akumwetulira. Zimene mwalephera zilembedwe pa tsamba lomwelo ndi zimene mwakwanitsa, ndipo mawu ngati "wosaononga chilengedwe" asaikidwe pa katundu popanda umboni umene mungautulutse wina akaufuna.

9. Ikani tsiku lobwereza

Mndandanda wa gawo loyamba uwunikidwe kamodzi pachaka, ndipo mafunso a ogwira ntchito ndi masapulaya abwerezedwe momwe analili kuti mayankho afananizidwe. Koma pali nthawi zina zosadikira kalendala: mukafuna kutsegula kapena kutseka sitolo, kuyamba kugula katundu ku dziko latsopano, kuika makina oti makasitomala azidzilipirira okha, kupereka ntchito ya ulonda kapena yoyeretsa ku kampani ina, kapena kuyamba kusonkhanitsa zambiri za makasitomala kudzera pa makadi ndi pa intaneti. Pa zonsezi, okhudzidwa afunsidwe mgwirizano usanasainidwe, ndipo ndalama ndi masiku a zokambiranazo zilowe mu bajeti ya ntchitoyo kuyambira pachiyambi.